Kwa achemwali a ku Chipoka: mayi asamangokhala pa mkeka

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mayi anu ali ndi zaka 73, chidwalireni malungo mu Febuluwale miyendo yawo yafooka, akakhala pa mkeka sadzuka okha, ndiye mukufunsa ngati pali mavitamini oti mukawagulire ku Kamuzu Road. Ambiri akuyankhani kuti ndi ukalamba basi, asiyeni apume. Ine mawu amenewo ndikuwakana, chifukwa ndi omwewo amene tinatsala pang'ono kuwagoneka nawo pansi mayi anga ku Nkhotakota.

Iwo anadwala chibayo ali ndi zaka 70. Atatuluka m'chipatala, ife ana awo tinagwirizana kuti asagwirenso kanthu. Kusesa ayi, kumunda wa chinangwa ayi, ngakhale kapu ya madzi ankachita kuwabweretsera mdzukulu. Tinkati tikuwalemekeza. Patatha miyezi inayi ndinapita kukawaona, ndipo ndinapeza akudya pang'ono, madzi akumwa mochita kuwakakamiza. Nditawafunsa bwinobwino usiku tili awiri, anandiuza kuti amaopa kupita kuchimbudzi, chifukwa akanyonyomala amalephera kudzuka, ndipo sankafuna kuitana mdzukulu wawo m'malo ngati amenewo. Usiku umenewo sindinagone. Mayi anuwo afunseni nkhani imeneyi mofatsa, chifukwa paokha sangaiyambe.

Chimachitika n'chakuti munthu akapitirira zaka 30, minofu imayamba kuchepa, pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo akadutsa 60 imathamanga kutha. Madokotala amati sarcopenia. Kwa ife akazi zimavuta kwambiri, chifukwa minofu yathu imakhala yocheperapo kale poyerekeza ndi ya amuna, komanso tikasiya kusamba mahomoni a estrogen amatsika, mafupa nawo n'kuyamba kufumbwa. Ndiye pabwere matenda ogoneka munthu pansi. Ku America anayesapo okalamba athanzi kuwagoneka pabedi masiku 10 okha, ndipo anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Malungo a mayi anu anatha kale, koma mnofu umene unapita nawo subwerera wokha, ndipo vitamini wa m'botolo sangaubweze.

Umabwerera ukapatsidwa ntchito yolemera. Mu 1990, dokotala wina dzina lake Maria Fiatarone anatenga okalamba 10 ofooka a kunyumba yosungirako okalamba ku Boston, azaka zapakati pa 86 ndi 96, n'kumawanyamulitsa zolemera ndi miyendo katatu pa sabata. Patatha masabata 8, mphamvu za amene anamaliza zinakwera ndi 174 peresenti. Anthu azaka 90, achemwali! Mayi anu ndi mwana poyerekeza ndi amenewo. Nalo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wazaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, komanso zothandiza kuti asamadzandire ndi kugwa masiku atatu kapena kuposerapo. Kuyenda n'kwabwino pa mtima, koma pakokha sikukwana kumanga ntchafu.

Musanayambe, apititseni kaye kuchipatala cha boma ku Salima akawayeze BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, poti malungo amasiya munthu magazi atachepa. Ngati akuonda kwambiri, akutsokomola nthawi yaitali, kapena kufookako kuli mbali imodzi yokha ya thupi, imeneyo ndi nkhani ina, muwauze adokotala msanga. Mukafunsenso ngati angaonane ndi a mafizo, omwe amathandiza odwala kulimbitsa thupi kuti ziwalo ziyambirenso kugwira ntchito. Ife amene anatiphunzitsa zonsezi ndi munthu wa mafizo, ndipo kutiwonetsa kamodzi kokha kunatithandiza kwambiri.

Jimu sikufunika. Pezani mpando wolimba wathabwa, osati wapulasitiki uja umatambasuka miyendo, muutsamiritse kukhoma. Mayi akhale, apinde manja pachifuwa, aimirire n'kukhalanso kasanu motsatizana, inu mukuwerenga nthawi pa foni. Akapitirira masekondi 15, kapena akalephera popanda kugwira, madokotala amati mphamvu za m'miyendo zachepa. Lembani nambalayo penapake.

Kuimirira ndi kukhala kumeneko ndiye mutu wa ntchito yonse. Mayi anga tsiku loyamba anakwanitsa katatu kokha, mochita kukankha ndi manja, ndipo tinawaikira pilo kuti mpando ukwere. Tinkachita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kusiya tsiku pakati kuti mnofu upume, chifukwa umakula pa nthawi yopumayo. Atafika pochita ka 10, kupuma, n'kubwerezanso, tinachotsa pilo. Kenako anasiya kugwira ndi manja. Kenako tinawapatsa botolo la madzi la malita awiri kuti afukate pachifuwa, pambuyo pake chigubu cha malita asanu. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye mumadziwa bwinobwino kulemera kumene mukuwonjezera. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amachita zopepuka zomwezo miyezi ndi miyezi. Zikayamba kuphweka, wonjezerani. Maulendo awiri omaliza azimveka kulemera ndithu, koma osapweteka m'mfundo. Pokhala pansi azitsika pang'onopang'ono, osadzigwetsa pampando.

Zinazo n'zosavuta. Agwire khoma, akweze zidendene n'kutsitsa. Akwere ndi kutsika sitepe ya pakhonde, inu muli pambali. Aime patali pang'ono ndi khoma, aikepo zikhatho, azilikankha ngati akufuna kulisuntha. Anyamule zigubu ziwiri zolemera mofanana, china uku china uku, ayende nazo pabwalo. Zimenezi zimalimbitsa zala, mapewa ndi msana. Pomaliza aime ndi mwendo umodzi atagwira mpando. Mphindi 20 kapena 30 zakwana, ndipo kwathu kunyanja kuno muzichita m'mamawa dzuwa lisanakwere, makamaka Okutobala ndi Novembala, madzi akumwa ali pafupi.

Asamagwire mpweya ponyamula, azitulutsa pamene akuimirira. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo, asiye pomwepo mupite nawo kuchipatala. Koma kuwawa kwa ntchafu tsiku lotsatira musachite nako mantha, kumatha pakadutsa masiku awiri kapena atatu. Muwachenjezeretu, apo ayi adzati mwawavulaza.

Za chakudya ndiye zimandiwawa mtima. Tikukhala m'mbali mwa nyanja, koma agogo ambiri amadya nsima kapena kondowole wambiri ndi msuzi chabe, nsomba n'kusiyira adzukulu. Mayi anga ankachita zimenezo tsiku lililonse. Chinangwa chimakhutitsa koma zomanga thupi chilibe kwenikweni. Akatswiri amati wokalamba amafunika magalamu 1 mpaka 1.2 a zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye mayi wolemera makilogalamu 50 akufunika magalamu 50 kapena 60. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6 okha. Choncho pa chakudya chilichonse pazikhala kanthu: usipa, utaka, nyemba, nandolo, soya pieces, nsinjiro m'phala ndi m'masamba, mkaka ukapezeka. Ngati mano anatha, kazingani usipa wouma, musinje mumtondo ndi minga yomwe, muzithira m'phala kapena m'ndiwo. Mingayo imathandizanso mafupa. Muziwapakulira mbale yawoyawo kuti muone ngati adyadi. Okhawo amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa adokotala asanawonjezere zakudya zimenezi.

Konzekani kuti anthu adzakunenani. Ine aneba anandinena kuti ndikuzunza mayi anga, powaona akunyamula chigubu ine ndili chilili. Ndinasiya kuimirira, n'kuyamba kuchita nawo limodzi, chigubu changa m'manja. Patapita nthawi anzawo awiri a kutchalitchi anayamba kubwera m'mawa, ndipo kuchokera pamenepo sindinafunikenso kuwakumbutsa. Abwezereninso tintchito tawo: kusesa pabwalo, kupeta mpunga, kuthirira dimba ndi kandowa kakang'ono.

Kwa mayi anga kusintha kunayamba kuoneka sabata yachisanu. Pa miyezi itatu anali akudzuka okha pa mkeka atagwira bondo limodzi, ndipo m'chimbudzi mchimwene wanga anawakhomera mtengo wogwirira kukhoma, amapita okha mpaka lero. Yesani za mpandozo mawa m'mawa, mulembe masekondi, mudzayesenso pakatha masabata anayi. Mukatero mundiuze pano momwe zayendera, ndipo ngati sakutha kuimirira n'kamodzi komwe, nenani ndikufotokozereni momwe tinayambira ndi pilo.