Kuphunzitsa galu wamng'ono kuima bwino pamaso pa woweruza

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Leeds, m'dziko la Britain, ndipo ndaona kuti ndi bwino kuwayankha poyera chifukwa vuto lawo limagwera anthu ambiri amene angoyamba kumene kupita ndi agalu ku zionetsero. Mayiwa ali ndi galu wamkazi wa mtundu wa Rhodesian Ridgeback, wa miyezi 5, wolembetsedwa ku Kennel Club, bungwe lolembetsa agalu ndi kuyang'anira zionetsero zawo m'dzikomo, ndipo akufuna kukamuonetsa koyamba akakwanitsa miyezi 7. Dandaulo lawo ndi lakuti galuyo akangoona chakudya m'manja amakhala pansi, ndipo akati amuimike ndi kumukonza miyendo, iye amasuntha mwendo umene aukonza kale pamene iwo akugwira wina, kenaka amatsamira kumbuyo. Afunsanso ngati n'koyenera kugula timatabwa tinayi tija timene anthu ena amaimikapo agalu powaphunzitsa.

Mayi, galu wanuyo alibe vuto lililonse, ndipo miyezi iwiri imene yatsalayi ndi yokwanira, koma muyenera kusintha kumene mukuyambira. Inu mwayambira pa miyendo, pamene chofunika kuyamba ndi mtima wa galuyo. Galu amene sanadziwe kuti kuima chilili ndi ntchito imene imamubweretsera mphotho amaona manja anu ngati chinthu chofuna kumugwetsa, ndipo mwendo uliwonse umene mwaunyamula amaubwezera pamene akuona kuti sagwa. Choncho kwa masabata awiri kapena atatu oyambirira ndikupemphani kuti musamugwire miyendo n'komwe.

Ndi bwino kudziwa chimene woweruza amafuna kuona, chifukwa ndicho chimatiuza malo a mwendo uliwonse. Iye amayerekeza galu aliyense ndi malongosoledwe olembedwa a mtundu wake. Malongosoledwe a Ridgeback analembedwa koyamba ku Bulawayo mu 1922 motsogozedwa ndi F. R. Barnes, ndipo amafotokoza galu wamphamvu, wolingana bwino ziwalo, wotha kuthamanga mtunda wautali osatopa. Wamkazi wamkulu amayenera kutalika masentimita 61 mpaka 66 kuchokera pansi kufika pamwamba pa mapewa. Galu akaima, woweruza amayang'ana mmene khosi lalowera m'mapewa, kuya kwa chifuwa, kuwongoka kwa msana, ndi kupindika kwa miyendo yakumbuyo, ndipo akayandikira amayang'ananso mzere uja wa ubweya womera chobwerera pamsana, umene uyenera kuyambira kuseri kwa mapewa, uli ndi timizunguliro tiwiri tofanana toyang'anizana, n'kumka nuchepa mpaka m'chiuno. Galu woima mokhota amabisa ubwino umene ali nawo, ndipo amaonetsa zilema zimene alibe.

Nkhani ya kukhala pansi ndi yosavuta kuimvetsa. Pafupifupi aliyense amayamba ndi kuphunzitsa kagalu kukhala pansi kasanalandire chakudya, ndipo galu wanu akungochita mokhulupirika chimene chakhala chikumupindulira. Musamukalipire, ndipo musamunyamule pamimba kuti aime. Dulani tizidutswa ta chiwindi chowotcha kapena nkhuku yophika, tating'ono moti angathe kumeza osatafuna, ndipo muyambe akuyenda. Yendani naye mapazi ochepa, dzanja la chakudya lili patsogolo pa mphuno yake, kenaka imani pang'onopang'ono. Pali kamphindi kochepa kwambiri pamene miyendo yonse inayi yaima koma matako asanayambe kutsika, ndipo m'kamphindi kameneko nenani mawu amodzi omuyamikira, omwewo nthawi zonse, n'kumupatsa nyamayo adakali chilili. Akakhala pansi, musanene kanthu. Ingosunthani phazi limodzi chambuyo kuti adzuke kukutsatani, ndipo muyesenso. Mukaona kuti wayamba kuima yekha kudikira nyama, m'pamene muyambe kunena kuti "ima" asanaime. Kukhala pansi mungathe kupitiriza kumuphunzitsa nthawi ina ndi malo ena, koma akavala chingwe chake cha chionetsero asalandirepo mphotho atakhala, chifukwa agalu amazindikira msanga kuti chingwe ichi chili ndi ntchito yakeyake.

Tsopano ndifike pa kutsamira kumbuyo, kumene ndikuona kuti ndilo vuto lalikulu pa onse amene mwatchula. Galu wotere miyendo yake yakutsogolo imapendekera, mapazi ali kutsogolo, thupi lathawira kumbuyo, ngati mbuzi imene ikukana kupita kumsika. Chifuwa chimabisika, mapewa amaoneka owongoka mopitirira, ndipo msana umalowa pakati kapena kutukuka. Kawirikawiri chimayambitsa zimenezi ndi dzanja la mwini galu. Mukakweza nyama pamwamba pa mutu wake, galu amatukula mphuno, kulemera kwake kumabwerera kumbuyo, ndipo chotsatira ndi kukhala pansi. Mukamukoka ndi chingwe kuti abwere kutsogolo, thupi lake limalimbana ndi kukokako mwachibadwa, ndipo amalimbitsa miyendo. Chitani zosiyana ndi zimenezo. Nyama ikhale molingana ndi mphuno yake kapena kutsikirako pang'ono, patali pang'ono ndi pakamwa, moti aifikire potambasula khosi popanda kusuntha phazi. Nthawi yomweyo dzanja lanu lina ligwire chingwe kapena likhale pachifuwa pake, likumukanikizira kumbuyo mopepuka kwambiri. Chibadwa chomwe chija chidzagwira ntchito mokomera inu: adzakankhira thupi kutsogolo, khosi lidzapindika bwino, minofu ya ntchafu idzaonekera, ndipo mudzaona galu amene mwina simunamuonepo. Mpatseni nyama pa nthawi yeniyeni imene wakankhira kutsogoloyo. Akasuntha phazi ndiye kuti nyama munaiika patali kwambiri.

Za kutalikitsa nthawi sindinenapo zambiri. Yambani ndi sekondi imodzi kapena ziwiri, muzionjezera pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina muzibwerera ku nthawi yaifupi kuti asaone ngati ntchito ikungokulirakulira. Khalani ndi mawu omumasula, kuti adziwe kuti kuima kumatha inu mukanena. Phunziro lonse lisapitirire mphindi ziwiri kapena zitatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, asanadye, ndipo pamalo posaterera. Matailosi ndi pansi pa matabwa osalala zimachititsa galu kutambasula zala ndi kuumitsa msana poopa kuterereka, choncho gwiritsani ntchito kapeti, mphasa ya labala kapena udzu wometa. Zikhadabo zikhale zowengedwa, popeza zikatalika phazi silipondanso bwino.

Akafika poima masekondi khumi mosavuta, atakankhira thupi kutsogolo, ndiye kuti nthawi ya manja yakwana. Yambani ndi kungomusisita mapewa, ntchafu ndi miyendo ali chilili, osanyamula kanthu, mukumupatsa nyama. Kenaka phunzirani kaimidwe kanu inuyo. M'bwalo agalu amazungulira ali kumanzere kwa eni ake, ndipo woweruza amene ali pakati amaona mbali yakumanzere ya galu. Motero pomuimika, galu amakhala pakati pa inu ndi woweruza, mutu wake uli ku dzanja lanu lamanja. Chingwe chikwere m'mwamba m'khosi, kuseri kwenikweni kwa makutu, ndipo dzanja limodzi lisachoke pamutu kapena pachingwepo nthawi ina iliyonse, chifukwa kumene mutu wapita thupi limatsatira.

Yambani ndi mwendo wakutsogolo wa mbali ya woweruza. Dzanja lamanja litagwira chingwe kapena pansi pa chibwano, potozerani mutu wa galu pang'ono kwa inu kuti kulemera kuchoke pa mwendo umene mukufuna kuusuntha. Pititsani dzanja lamanzere pamwamba pa mapewa, gwirani pa chigongono, nyamulani mwendowo pang'ono chabe, ndipo muutsitse molunjika pansi pa phewa, zala zikuloza kutsogolo. Bwezerani mutu pakati kuti kulemera kubwerere pa mwendowo, ndipo mudzamva m'dzanja mwanu kuti waponda. Sinthani manja, potozerani mutu kumbali inayo, ndipo chitani chimodzimodzi ndi mwendo wa mbali yanu. Ndikukhulupirira kuti apa m'pamene pakhala pakuvuta: anthu ambiri amagwira phazi kapena m'munsi mwa mwendo, malo amene galu sakonda kugwidwa, ndipo amanyamula mwendo umene wasenza thupi. Galu sangachitire mwina koma kusuntha mwendo wina kuti asagwe.

Miyendo yakumbuyo imagwidwa pa mfundo yosongoka ija imene ili ngati chidendene chokwera m'mwamba, imene anthu a zionetsero amaitcha hock. Cholinga ndi chakuti fupa lochokera pa mfundoyi kufika pa phazi liime molunjika ndi nthaka mukaliyang'ana cham'mbali ndi chakumbuyo komwe, ndipo mapazi akumbuyo atalikirane kuposa akutsogolo pang'ono. Pali chiyeso chokokera miyendoyi kumbuyo kwambiri chifukwa pa zithunzi zimaoneka zochititsa kaso, koma kutero kumawongola bondo, kumatsitsa chiuno, ndipo kumabwezeretsa kutsamira kumbuyo kuja. Lamulo limene ndimalilemekeza kwambiri ndi lakuti mwendo umene galu wauika bwino yekha musaukhudze. Akamayenda kulowa mu kaimidwe kake mowongoka, nthawi zambiri miyendo iwiri kapena itatu imakhala kale pamalo pake, ndipo ntchito yanu ndi ya mwendo umodzi wokha.

Muli pambali pa galu simungaone chimene woweruza akuona. Ikani foni pa mpando, patali mamita atatu kapena anayi, molingana ndi msinkhu wa galuyo, mujambule vidiyo, kapena phunzitsirani patsogolo pa galasi lalikulu. Chithunzi chojambulidwa munthu ataimirira chimafupikitsa miyendo ndipo chingakunamizeni.

Palinso gawo limene simunafunse koma n'logwirizana ndi kuima. Woweruza sadzangoyang'ana patali. Adzabwera, adzaona mano, adzagwira mutu, mapewa, nthiti, msana ndi mchira. Malongosoledwe a Ridgeback amavomereza kuti galuyu sachedwa kudzipatula kwa alendo, koma salola ukali kapena mantha, choncho galu wanu ayenera kuzolowera manja a anthu osawadziwa adakali wamng'ono. Pemphani alendo a pakhomo, amuna ndi akazi, kuti amuyandikire chakutsogolo modekha, amusisite kuchokera kumutu mpaka kumchira, inu mukumudyetsa. Pa mano samalani kwambiri panopa, chifukwa pa miyezi 5 ali mkati mogulula mano 28 aubwana ndi kumera 42 aukulu, ndipo nkhama zake zikupweteka. Ingotukulani milomo mofatsa, pakamwa pali potseka, kwa sekondi imodzi, n'kumupatsa mphotho. Galu amene wapwetekedwa pakamwa pa msinkhu uwu angathe kumabweza mutu kwa woweruza kwa nthawi yaitali. Ku Britain kuli makalasi a ringcraft m'madera ambiri, kumene anthu amayeserera zonse za m'bwalo pakati pa agalu ena, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muyambe kupitako tsopano, ngakhale ulendo woyamba mukangokhala pambali galu akuonerera.

Kunena za timatabwa tija, ine sindikuona chifukwa choti mutigule panopa. Timathandiza galu amene amadziwa kale kuima kuti azikumbukira malo a mapazi ake, koma kwa galu amene akutsamira kumbuyo chifukwa chosakhazikika mtima timangomuumitsa thupi, ndipo amaima chifukwa choopa kugwa. Mukadzafuna kutiyesa m'tsogolo, tikhale tatifupi, tosaterera, kwa masekondi ochepa, inu muli pomwepo.

Kumbukiraninso kuti galu wa mtundu waukulu chonchi amakula mosalingana. Mwezi uno chiuno chingathe kukwera kuposa mapewa, mwezi wamawa mapewa n'kufikanso, ndipo mafupa ake adzakhala akukulabe mpaka atapitirira chaka. Msana ukaoneka wokwera kumbuyo musalimbane nawo potambasula miyendo kapena kukanikiza chiuno. Oweruza odziwa mtunduwu amazidziwa zimenezi. Malamulo a Kennel Club amalola galu kupikisana akakwanitsa miyezi 6, ndipo wanu adzayenera gulu la Minor Puppy, la agalu a miyezi 6 mpaka 9, ngati chionetserocho chili nalo. Sankhani chionetsero chaching'ono cha pafupi, mtundu umene amautcha open show, mufike msanga kuti azolowere phokoso ndi fungo la malowo, ndipo musamuimike nthawi yonse imene mukudikira. Muloleni amasuke pamene woweruza akuona agalu ena, ndipo mumukonze pamene galu amene ali patsogolo panu wayamba kuyendetsedwa. Akasuntha mwendo woweruza akumugwira, ubwezereni modekha pogwira pa chigongono kapena pa hock monga munazolowera kunyumba, popeza m'gulu la ana agalu zimenezi zimachitika kawirikawiri ndipo woweruza amapereka mpata wokonza.