Musalole kuti akwirire gitala yanu

Achimwene, mwafunsa za situdiyo yojambulira chimbale chanu cha gitala ndi mawu okha, mtengo wake, komanso njira yoikira nyimbozo pa intaneti. Za intanetizo akuyankheni ena. Ine ndinena za kujambula, poti zinandionekera.

Zaka ziwiri zapitazo ndinatenga nyimbo zanga zisanu ndi imodzi kupita nazo ku situdiyo ina ku Blantyre. Gitala ndinajambula tsiku lake, mawu tsiku lake, n'kubwerera kunyumba. Patatha masabata atatu wojambulayo anandiitana kuti ndidzamve. Ndinangoti kakasi. Anali ataikamo kiyibodi ndi ng'oma za pakompyuta, mawu anga atawawongola mpaka osadzizindikira, gitala ikumvekera patali ngati akuimba ndi a nyumba yoyandikana. Nyimbo yomwe ndinapekera malemu mayi anga inasanduka yovina pa chinkhoswe. Nditadandaula, akuti popanda biti nyimbo sizigulidwa. Nditapempha zomwe ndinajambula poyamba zija, akuti zinafufutika. Ndinalipira cha m'ma K70,000 nyimbo imodzi, ndipo pano mitengo yakwera, konzekerani zoposa pamenepo.

Ndiye amene akukutumizani kwa ojambula otchuka a nyimbo zovinawo, sindikugwirizana nawo. Ntchito yawo amaidziwa, koma khutu lawo linazolowera zina. Musanapereke ngakhale tambala, muuzeni wojambulayo akumvetsereni nyimbo ya gitala yokha yomwe anajambulapo. Akayamba kuzemba, nyamukani.

Zoti nyimbo yopanda biti siyenda si zoona. A Madalitso Band ndi anthu awiri basi: a Yobu Maligwa pa babatoni (choimbira chachikulu cha waya mmodzi), a Yosefe Kalekeni pa gitala ya mawaya anayi, ng'oma akuponda ndi chidendene. Anayambira m'misewu ya Lilongwe, mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako anayamba kuzungulira maiko a ku Ulaya. Akaidi a ku Zomba anajambulidwa ndi wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, mu 2013 m'kati mwa ndende momwemo, ndipo chimbale chawo chinalowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Grammy mu 2016. Nanga malemu Allan Namoko ndi banjo yawo ija, kiyibodi inalipo?

Jambulani mawu ndi gitala nthawi imodzi, monga mumaimbira pakhonde. Mukazisiyanitsa, dzanja ndi pakamwa sizimvananso, nyimbo imauma. Perekani theka la ndalama lokha poyamba, ndipo tsiku lomwelo tengani zojambulazo pa fulashi yanu zisanakhudzidwe.

Chenjeraninso ndi malo. Nyumba ya malata nthawi ya dzinja ayi, mvula ikangowaza tsiku lapita. Pafupi ndi chigayo kapena siteji ya njinga zamoto ayinso, chifukwa pa nyimbo ya gitala yokha phokoso lililonse limamveka, mulibe chobisira. Mawaya atsopano ikani kukadali masiku atatu, chifukwa a tsiku lomwelo amangomasuka, mudzathera nthawi yolipirayo pa kuchuna.

China, nyimbozo kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi luso lina, musanayambe kutumizira anzanu pa WhatsApp kuti amveko. Zanga zija ndinazijambulanso kuchipinda kwa mlamu wanga usiku ana atagona, ndi maiki awiri obwereka, bulangete titapachika pazenera. Ndi zomwe ndimapatsa anthu mpaka lero.