Amuna anga ali ndi FMF, pano apezeka ndi korona

Funso: Amuna anga ndi a ku Turkey, ndipo anabadwa ndi matenda akumtundu a FMF (familial Mediterranean fever). Akawayamba, thupi limatentha, m'mimba n'kumapota masiku awiri kapena atatu. Pano apezeka ndi korona. Kodi asiye kaye colchicine, mankhwala omwe amamwa a FMF? Ndikuopa kuti agonekedwa m'chipatala.
Mayi wa ku Leicester, ku England

Yankho: Ayi mayi, asasiye. Colchicine ndiye amaletsa kutupa komwe pakapita zaka kumawononga impso, ndipo munthu wa impso zofooka ndi amene korona amamugwetsa msanga. Ine nkhawa yanga ili pena. Paxlovid (mankhwala a korona) ndi clarithromycin (mankhwala opha mabakiteriya) sagwirizana ndi colchicine, amamuchulukitsa m'magazi mpaka kusanduka poizoni. Popita kwa dokotala mutenge kabokosi ka colchicine adzionere yekha. Bambowo akayamba kubanika usiku, musadikire kuti kuche.