Sitima ya Mendi sinamizidwe ndi Ajeremani

Mayi wina wokhala ku Soweto wanditumizira imelo. Akuti atapita kumaliro kumanda a Avalon anaona chipilala cha mayina ambirimbiri, cholembedwa kuti SS Mendi. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi imeneyi inali sitima yankhondo? Anaimiza ndi Ajeremani?"

Ayi mayi, Mendi inali sitima yamalonda, yoyendera nthunzi. Anaipanga ku Glasgow mu 1905, ndipo kampani ya Elder Dempster inkaiyendetsa pakati pa Liverpool ndi madoko a kumadzulo kwa Africa, itanyamula anthu ndi katundu. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itafika povuta, mu 1916 boma la Britain linaitenga kuti izinyamula asilikali. Zipinda zapansi zimene ankalongedzamo katundu anazikonza kuti muzigona anthu. Poyamba inanyamula asilikali a ku Nigeria kupita nawo ku Dar es Salaam, kunkhondo yomwe ija imene agogo athu anasenzera katundu pa mtengatenga.

Mu Januwale 1917 inanyamuka ku Cape Town ndi amuna oposa 800 a gulu la South African Native Labour Corps. Amenewa sankaloledwa kugwira mfuti. Ankapita ku France kukatsitsa katundu m'madoko, kudula mitengo ndi kukonza misewu. Ambiri anali ochokera kumidzi, nyanja yamchere anali asanaikwerepo.

Apa ndiye pondiwawa ine. M'bandakucha wa pa 21 Febuluwale 1917, cha m'ma 5 koloko, Mendi inali pafupi ndi chilumba cha Isle of Wight, kumwera kwa England, ikulowera ku doko la Le Havre ku France. Kunali chifunga choti munthu sakanaona patali. Sitima ina ya Angerezi omwewo, Darro, yoposa Mendi kukula kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, inabwera ili paliwiro, osaliza ngakhale chenjezo la m'chifunga. Inaboola Mendi m'nthiti chakumanja, pomwe panali zipinda zakatundu zija. Ena anafera pogona pomwepo. Theka la ola lisanakwane Mendi inali itamira, anthu ali m'madzi ozizira a mwezi wa Febuluwale, mumdima, ambiri osadziwa kusambira.

Kaputeni wa Darro, Henry Stump, anaimitsa sitima yake chapafupi pomwepo, koma sanatsitse bwato ngakhale limodzi loti likavuule anthu. Amene anayesetsa kupulumutsa anthu ndi amalinyero a HMS Brisk, sitima yankhondo imene inkaperekeza Mendi. Anthu 646 anamwalira, ndipo 607 mwa iwo anali amuna akuda a gulu lija. Anthu amasimba kuti mbusa Isaac Wauchope Dyobha anawalimbitsa mtima anzake sitima ikumira, kuti afe ngati abale.

Bwalo lofufuza ngoziyi linapeza Stump wolakwa, ndipo chilango chake chinali kumulanda chiphaso choyendetsera sitima kwa miyezi 12 basi. Anthu 646, miyezi 12! Ndikaganiza zimenezi mtima umandipweteka mpaka lero. Nkhondo itatha, boma la South Africa silinapereke mendulo kwa amuna akuda a dzikolo amene anatumikira m'gululi.

Chipilala chimene munaonacho, mayi, anachitsegulira ndi Mfumukazi Elizabeth II mu 1995, Nelson Mandela ali pulezidenti. Mayina a omwe mitembo yawo sinapezeke alembedwanso kumanda a Hollybrook ku Southampton, ku England, ndipo sitimayo ikadali pansi panyanja pomwe inamirira.