South Central: sewero la zigawo 10 limene linagawanitsa owonera

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo atapeza tizidutswa ta sewero la ku America lotchedwa South Central pa intaneti. Funso lawo linali lakuti: "Sewero lokoma chonchi linatheranji msanga? Kodi anthu sankalikonda?"

Mayi, ena ankalikonda kwambiri, ena linkawapweteka mumtima, koma ochuluka sanaliwonere n'komwe. Linayamba pa kanema wa Fox mu Epulo 1994, pofika mu Juni chaka chomwecho n'kuti litatha, litangowonetsedwa zigawo 10.

Nkhani yake ndi ya Joan Mosley, mayi wolera yekha ana m'dera la South Central mumzinda wa Los Angeles. Amene ankasewera ngati Joan ndi Tina Lifford, pomwe Larenz Tate ankasewera ngati Andre, mwana wake wamwamuna. M'nyumbamo munalinso mtsikana, Tasha, ndi kamnyamata kongoleredwa, Deion, kamene sikankayankhula. Mwana woyamba wa Joan, Marcus, anachita kuphedwa, ndipo maliro akewo ankamvekabe m'nyumbamo ngakhale pamene anthu akuseka. Joan ntchito inamuthera, n'kukagwira m'golosale ya anthu a m'deralo. (Mukayang'anitsitsa pa kauntala ya golosaleyo muwona Jennifer Lopez asanatchuke.)

Tsono mkangano unagona apa. Kumbukirani kuti mu 1992 dera lomwelo munabuka zipolowe khoti litamasula apolisi amene anamenya munthu wakuda dzina lake Rodney King. Dzina loti South Central linali litadetsedwa kale pa nkhani za tsiku ndi tsiku. Anthu akuda ena atawona seweroli anati: kodi ife tiziwonekabe ngati anthu opanda abambo m'nyumba, osowa ntchito, olira ana ophedwa? Iwo ankafuna banja longa la The Cosby Show, la bambo dokotala ndi mayi loya, limene linali litangochoka pa TV mu 1992. Dandaulo limeneli sindilipeputsa. Munthu amene dziko lamuzolowera kumuwona ali m'mavuto okhaokha amatopa nazo.

Komabe ine ndili mbali ya amene ankaliyamikira, ndipo olemba ndemanga m'manyuzipepala ambiri anali mbali yomweyi. Joan sanali wochititsa manyazi. Anali mayi amene timamudziwa tonse, wowerengera ndalama yomaliza, wokalipira mnyamata wake chifukwa cha mantha oti angamuyikenso m'manda ngati mkulu wake. Seweroli linalibenso kuseka kojambuliratu kuja kumene masewero otere amayika kumbuyo kuti owonera adziwe poseka. Munthu wozolowera kuwuzidwa poseka ankasokonezeka: kodi apa ndiseke kapena ndilire? Kwa ine ubwino wake unali pomwepo.

Chimene chinalipha ndi chiwerengero cha owonera. Ku America makanema ngati Fox amadalira otsatsa malonda, ndipo otsatsa amalipira malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene atsegula TV pa ola limenelo. Owonera akachepa, kuyamikira kwa atolankhani sikupulumutsa sewero. Chaka chomwecho Fox inachotsanso Roc, In Living Color ndi The Sinbad Show, onse okhala ndi osewera akuda ambiri, moti mbusa Jesse Jackson anadzudzula kanemayo poyera. 

Mmodzi mwa amene analiyambitsa, Ralph Farquhar, anadzathandiza kuyambitsa Moesha mu 1996, sewero la banja lokhalanso ku Los Angeles koma lopezako bwino, ndipo limeneli linakhala pa TV mpaka 2001. Mukadzapezanso tizidutswa tina, mayi, mudzayang'ane nkhope ya Tina Lifford nthawi imene Andre akutuluka pakhomo madzulo.