Hatchi imodzi, katundu wa lole yathunthu?

FUNSO: A Mkonzi, ndimayendetsa lole ya matani 30 pakati pa Lusaka ndi Chipata. Mnzanga akuti kale ku England hatchi imodzi inkakoka katundu wotereyu pamadzi. Si bodza limeneli? Ngati n'zoona, anasiyiranji? Dalaivala, Matero

YANKHO: Bambo, mnzanuyo sakunama. Madzi a m'ngalande yokumba ndi odekha, ndipo bwato likangodzuka silivuta kukoka. Hatchi inkayenda m'kanjira ka m'mbali mwa ngalande ikukoka chingwe, paliwiro la munthu woyenda pansi. Ngalande ya Bridgewater itatsegulidwa mu 1761 kuti malasha a ku Worsley azifika ku Manchester, mtengo wa malasha mumzindawo unatsika ndi theka.

Mabwato ambiri anali aatali mamita 21 koma m'lifupi mamita 2 okha, ndipo ankanyamula matani 25 mpaka 30. Kuonda kumeneku kunachokera pa lock, chipinda chanjerwa chokhala ndi zitseko kutsogolo ndi kumbuyo, chokwezera bwato pachitunda. Bwato likalowa mumatseka chitseko chakumunsi, n'kutsegula timazenera takumtunda kuti madzi adzaze, bwato n'kukwera nawo. James Brindley, katswiri wa ngalandezi, anamanga zipinda zopapatiza kuti asunge madzi ndi ndalama, choncho opanga mabwato anangotsatira muyeso wake. Ngozi yaikulu inali potsika: pansi pa chitseko chakumtunda pali chipupa chotulukira m'kati, ndipo kumbuyo kwa bwato kukatsamira pamenepo madzi akuphwa, mutu unkaloza pansi, bwato n'kumira ndi katundu yense.

Pansi pa bwato ankayala matabwa a elm, mtengo wosaola msanga ukakhala m'madzi nthawi zonse, m'mbali n'kuika a oak. M'mipata ankatsindiramo ulusi wa zingwe zakale, n'kumata phula losakaniza ndi ndowe za hatchi ndi ubweya wa ng'ombe. Bwato likakhalitsa pamtunda matabwa ankauma, mipata n'kuyasama.

Ngalande zina zinkaboola phiri popanda kanjira ka hatchi. Pamenepo anthu ankagona chagada pabwato n'kumakankha khoma ndi mapazi kuti bwato liyende. Ku Standedge ankatero mumdima makilomita 5.

Chinagwetsa ntchito ya mabwatowa ndi njanji, kuyambira m'ma 1830. Malipiro atachepa, eni mabwato anasamutsira mabanja awo m'kachipinda kakumbuyo, mayi ndi ana kukhala antchito osalipidwa. Injini zamafuta zinabwera m'ma 1900, bwato limodzi n'kumakoka linzake, koma malole ngati yanuyo anali atayamba kulanda katundu. M'chisanu cha 1962 mpaka 1963 ngalande zinaundana kwa milungu yambiri, ndipo makasitomala ambiri amene anathawira pamsewu sanabwererenso.

Kwathu kuno zofanana nazo zinachitika ku Mongu: katundu wa ku Kalabo ankadalira mabwato ochokera padoko la Mulamba mpaka msewu wodutsa m'chigwa cha Zambezi utatsegulidwa mu 2016.