Za kapu ya khofi yoyenda nayo, yankho kwa achemwali a ku Matawale

Achemwali a ku Matawale, funso lanu mgulu muno ndaliona mochedwa koma ndiyankhebe, poti ena angolemba kuti "gulani Stanley basi", kutanthauza makapu a kampani ya Stanley, nkuthawa osafotokoza kanthu. Mwati mumadzuka mbandakucha kukakwera minibasi ya ku Blantyre, khofi mumamuthira mkakapu kamene munagula pamsika, pofika pa Thondwe amakhala atazizira kale kuti zii, komanso tsiku lina anatayikira mchikwama nkunyowetsa mapepala a kuntchito. Nde mukufuna kudziwa yogula ndi iti komanso ngati zodula zija zilidi ndi phindu kapena nkungotaya ndalama.

Ine ndikuti musagule dzina, musagulenso chifukwa kala yakusangalatsani. Ndalama zanu zipite pa khoma la kapuyo ndi pa chivindikiro chake, zinazi ndi zokongoletsa chabe.

Tiyambe ndi khomalo. Kapu yeniyeni yosunga kutentha imakhala makapu awiri achitsulo, ina mkati mwa inzake, ogundana pakamwa pokha, ndipo pakati pawopo mpweya anaupopa wonse nkumata. Popanda mpweya kutentha kumasowa podutsira, nchifukwa chake mkati mumakhala moto koma kunja mukagwira kuli kozizira bwinobwino. Nzeru imeneyi ndi yakale, anaitulukira ndi James Dewar wa ku Scotland mu 1892 ndipo iyeyo sankaganiza za khofi, ankafuna posungira zinthu zozizira kwambiri pa kafukufuku wake, kenako mu 1904 a kampani ya Thermos ku Germany anayamba kupanga zogulitsa kwa anthu wamba. Fulasiki ya agogo ija ya galasi lonyezimira mkati, yoti ikangogwa pansi mumangomva tswaa nkudziwa kuti yatha, ndi mtundu womwewo. Yachitsulo chokhachokha anabwera nayo ndi William Stanley mu 1913, ndipo makapu oyenda nawowa ndi zidzukulu zake.

Tsono pamene anthu ambiri timapusitsidwa ndi apa. Pabokosi akalemba kuti double wall sizikutanthauza kuti mpweya anauchotsa ayi, zimangotanthauza kuti makoma ndi awiri. Zambiri zotchipa zija kunja chitsulo chonyezimira koma mukasuzumira mkati mupeza pulasitiki, pakati pake pali mpweya wamba kapena kasiponji, zimenezo zimangothandiza kuti musapse dzanja koma khofi sachedwa kuzizira, ndipo ndikukhulupirira kuti yanu ya pamsikayo ndi yotereyi. Mawu oti muwafunefune ndi vacuum insulated, ndipo mkati mukhale chitsulo. Komabe zolemba aliyense atha kulemba, nde njira yosanama ndi kuyesa nokha. Thiranimo madzi owira, tsekani, dikirani mphindi 5, gwirani pathupi pake chapakati. Ngati patentha ndiye kuti kutentha kukutuluka, kapu imeneyo ilibe ntchito olo ikhale ndi dzina lotchuka bwanji. Kukamwa kokha kukafunda pang'ono musadandaule, pamenepo mpomwe makoma awiri aja akumanirana. Muzipangana ndi wogulitsa musanapereke ndalama kuti mukakayesa kunyumba nkupeza ikutentha kunja mudzabweza, akayamba kuzungulirazungulira mwadziwa kale.

Za kaunjika sindikuletsani, nthawi zina kumapezeka zenizeni pa mtengo wabwino kuposa zatsopano zachinyengo. Kungoti yang'anitsitsani ngati ili yophwanyika penapake makamaka kutako kwake, chifukwa ikabonyoka mpaka khoma lakunja kukhudza lamkati, kapena ikachita kamng'alu mpweya nkulowa, basi yafa, palibe wowotcherera amene angaibwezeretse. Kupaluka kwa penti kokha kulibe kanthu. Mununkhizenso mphira ya pachivindikiro, ngati yauma kapena yang'aluka isiyeni, mphira yolingana ndendende ndi yovuta kuipeza kuno.

Pansi pa kapu kapena mkati ena amadinda 18/8 kapena 304, kutanthauza kuti chitsulocho chili ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, chimenecho sichichita dzimbiri msanga komanso sichisiya kakomedwe kachitsulo mkamwa. Pali china cha 201 chotchipa, nickel wake ndi wochepa, chimenecho chimayamba timadontho tadzimbiri mkati pakapita nthawi. Zoyesa ndi maginito zija musazidalire, mitundu iwiri yonseyi nthawi zambiri maginito saigwira.

Koma kwa inu amene mumakwera minibasi nkhani yaikulu ndi chivindikiro, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Kutentha kochuluka kumathawira pamwamba, chifukwa chivindikiro ndi pulasitiki chilibe makoma awiri aja. Kapu yabwino ya chivindikiro chopepera ili ngati nyumba ya njerwa zootcha koma zenera lopanda galasi mwezi wa June. Pali zija zongokankhira pansi, zokhala ndi kachitseko kotsetsereka pamwamba, zimenezo anazipangira munthu wa pa desiki kapena wa galimoto yake yokhala ndi poika kapu, zimangoletsa kuti khofi asakhavukire koma mukaipendeketsa imadontha. Stanley yaikulu ya chogwirira ndi kapaipi komwera imene inatchuka pa TikTok ija ili mgulu lomweli, chitsulo chake nchabwino sindikutsutsa, koma imapitirira lita imodzi, ndi yolemera, ndipo siyotseka kuti ndii, tsono muganize muli anayi pampando, chikwama pamiyendo, wina akukupatsirani chenji cha kumbuyo, chimtsuko chimenecho muchigwira ndi dzanja liti? Stanley yomweyo ili ndi mitundu ina yotseka bwino, nde amene akuti gulani Stanley atiuzenso kuti iti.

Inu mufune ya chivindikiro chopotokola, chamazinga, chokhala ndi mphira mkati, ndipo ngati ili ndi pomwera potsegula ndi batani pakhale kaloko koti batanilo lisadinikizike lokha mchikwama. Ma Zojirushi a ku Japan amadziwika ndi kaloko kameneka, ma Contigo ena amatseguka pokhapokha mwadina batani nkudzitseka okha mukasiya. Sindikuti mugule zimenezi ayi, kuno sizipezeka wambawamba, ndikungokupatsani chithunzi cha chimene mukufuna. Kuyesa kwake nkosavuta, dzazani madzi, tsekani, izondotseni nkuikhutchumula pamwamba pa beseni. Muyesenso ndi madzi otentha chifukwa nthunzi imakankha, kapu ina ndi madzi ozizira imaoneka yabwinobwino koma ndi otentha imayamba kulira misozi mmbali. China choti muone, chivindikirocho chizitheka kumasuka zidutswazidutswa. Zamabatani zambiri ndi zokoma pomwera koma mkati mwake muli timakona tosafikika, khofi wamkaka akalowamo fungo lake mudzadana nayo kapuyo.

Kukula kwake, pakati pa 350 ml ndi 500 ml mpokwanira. Mukaona zolemba za ku America, 12 oz ndi 355 ml, 16 oz ndi 473 ml. Musatengeke ndi yaikulu poganiza kuti ndiye yabwino, kapu yodzaza imasunga kutentha nthawi yaitali kuposa chikapu chachikulu chothiramo theka. Yopapatiza kukamwa imasunganso bwino kuposa yotambalala, kungoti kutsuka kwake kumafuna burashi ya botolo.

Tsono olo mugule yabwino bwanji, kagwiritsidwe ntchito nakonso kamaononga. Kapuyi siitenthetsa kanthu, imangosunga chomwe mwaipatsa. Mmawa wa June kapena July kuno chiperoni chitatsika mphirimu chitsulo chimakhala chozizira zedi, mukathira khofi mwachindunji kutentha koyambirira kumathera kufunditsa chitsulocho. Nde madzi akangowira yambani mwathira mkapumo, tsekani, pangani khofi wanu pambali, mukatha khuthulirani madziwo mbeseni la mbale nkuthiramo khofi nthawi yomweyo. Kachinthu kakang'ono koma kusiyana kwake mudzakuona. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani mpata ngati chala chimodzi pansi pa mphira, apo ayi potseka amasefukira mmazinga nkumaoneka ngati kapu ikudontha. Mkaka wa mfuliji nawo umatsitsa kutentha, yambani mwautenthetsa.

Pa mkaka pomwepo ndionjezere. Khofi wamkaka akatsika nkukhala wofunda chabe, pakati pa madigiri 5 ndi 60, tizilombo timaswana msanga, nde wa mmawa mumwe mmawa womwewo, osati kumusunga kuti mudzamalize pobwerera madzulo. Ngati mukufuna wokhala tsiku lonse thirani wakuda, Nido kapena Cremora munyamule padera mkabotolo.

Ngati mumamwa wa mchitini monga Ricoffy, amene ndi wosakaniza ndi chicory, palibe vuto, sungunulani nkuthira. Koma ngati mumagula wogaya ngati wa Mzuzu Coffee kapena wa Satemwa wa ku Thyolo, musamuthire ufawo mkapu momwemo nkutseka kuti azipsa mnjira, amapitirira kutuluka mpaka kuwawa ngati mankhwala, musefeni kaye ndi sefa yabwino kapena pulanja, kajagi ka khofi kokhala ndi sefa yokankhira pansi. Amati khofi wotereyu amafuna madzi a madigiri 90 mpaka 96, ndipo ife a ku Zomba tili ndi mwayi, tauni yathu ili pamtunda wa mamita cha mma 900 kuchokera pa nyanja yamchere nde madzi amawira asanafike 100, cha mma 97, kumtunda ku Ku Chawe amawira motsikirapo, choncho mukaphula ketulo kudikira kwake nkochepa.

Vuto limene mudzakumane nalo mukapeza kapu yeniyeni ndi losiyana ndi la pano, khofi azidzatentha mopitirira. Pomwera pake mpang'ono, nthunzi simuiona, mumangopendeketsa nkupsa lilime, makamaka dalaivala akamenya hampu. Ndipo si lilime lokha. Mu 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linanena kuti kumwa zinthu zotentha kupitirira madigiri 65 kukhoza kuyambitsa khansa ya kummero, ndipo dziko lathu lino lili mgulu la maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri. Zoyambitsa zake ndi zingapo, fodya ndi mowa zili pomwepo, sindikukuopsezani kuti musiye khofi, koma chizolowezi chathu chofuna tiyi wochita kuotcha chija sichabwino. Tsegulani chivindikiro mphindi zingapo musanamwe, ndipo potsegula muzilozetsa kumbali osati kunkhope kapena kwa mwana wa mnzanu wa pampando.

Pali zinthu zoti zisalowemo. Thobwa, maheu, zakumwa za gasi monga Fanta, izi zimatulutsa mpweya nde mkapu yotseka kuti ndii chivindikiro chimalimba osatseguka kapena chimafwamphuka nkukuthirani. Msuzi wamchere ukagonamo umadya chitsulo. Pa mbaula kapena pa hotipuleti isapite, mu microwave ayi, mfiriza ayinso. Khofi akazizira mkhuthulireni mkapoto mumutenthetse mmenemo.

Kutsuka ndi tsiku lomwelo mukangofika kunyumba, osati kuisiya mchikwama yotseka Lachisanu nkudzaikumbukira Lolemba mmawa. Madzi ofunda ndi sopo wa mbale zakwana, koma mphira ija muziichotsa, kuseri kwake nkumene kumabisala chuku chakuda ndipo anthu ambiri amene amati kapu yanga ikununkha sanayambe aichotsapo. Mswachi wakale umafika mmazinga bwino. Mkati mukada ndi khofi thiranimo supuni imodzi ya soda yemwe timathira mu therere uja ndi madzi otentha, isiyeni yosatseka igone, mmawa muzatsukuluza zonse zachoka. Zoyera zokakamira za madzi a pa mjigo zimachoka ndi viniga wosungunula. Jik musayerekeze, amaboola chitsulo timaenje ting'onoting'ono, sitiliwulu nayenso amapala mkati nkusiya mizere momwe litsiro limakakamira. Mukatsuka ivundikireni pathandala kapena pa chotchezera mbale, chivindikiro padera, ziume kaye musanatseke.

Ngati thumba silikulola pakali pano, kusiyana nkugulanso kakapu kena konyezimira kofanana ndi koyambako, bola kafulasiki kachitsulo ka 500 ml kaja kokhala ndi chotsekera chamkati ndi kakapu pamwamba. Kumwera mminibasi nkovuta, zoona, poti pamafunika manja awiri, koma pa kusunga kutentha ndi kusadontha kamaposa makapu ambiri, khofi wanu mukamwera ku ofesi ali bwinobwino. Mukapita kokaona, kaya mmashopu a mtauni muno kaya ku Limbe, jambulani pansi pake, mkati mwake ndi chivindikiro chitamasulidwa muponye mgulu muno tikuthandizeni kuona musanalipire.